Nkhondo za ukapolo m'mapiri a Shire

Mkangano woti kodi munthu angagulidwe ndi kugulitsidwa unabutsa nkhondo m'mapiri a Shire chaka chomwecho chimene unabutsa nkhondo ku America. Kumeneko mizinga inayamba kulira pa Fort Sumter pa 12 April 1861. Kuno, pa 16 July, David Livingstone ndi gulu lake anaimitsa mdipiti wa akapolo pamudzi wa Mbame, panjira yokwera kuchokera ku Chikwawa, ndipo pasanathe masiku khumi mfuti zinalira chakufupi ndi Magomero. Nkhondo ya ku America inatenga zaka zinayi. Ya kuno inkazima n'kuyakanso kufikira 1895, ndipo ndi imene inasiya Thyolo mmene alili lero: minda ya tiyi pamtunda wachonde, midzi yothithikana m'mbali mwake, ndi anthu olima m'zitunda za kwa Nsabwe, kumene mapiri amatsetserekera ku Ruo ndi kuchigwa cha Shire.

Eni dziko pa nthawiyo anali Amang'anja, nthambi ya Amaravi. Midzi yawo inayambira m'chigwa cha Shire kukwera ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu mpaka kunyanja ya Chilwa. Ankalima mapira, chimanga, nyemba ndi thonje. Amuna ankapota ulusi n'kuomba nsalu, ena ankasungunula chitsulo m'ng'anjo n'kusula makasu ndi nkhwangwa. Koma ufumu waukulu wa Lundu unali utafooka kale. Mfumu iliyonse inkaweruza milandu ya anthu ake okha, ndipo panalibe mmodzi woti akaliza ng'oma midzi yonse n'kusonkhana kudzateteza dziko.

Ukapolo sunachite kubwera ndi alendo. Pakati pa Amang'anja, Ayao ndi mitundu ina, munthu ankatha kukhala kapolo chifukwa cha mlandu. Banja lolephera kulipira dipo la munthu wophedwa linkapereka mwana, wangongole ankasiya mbale wake ngati chikole, ndipo chaka cha njala ena ankadzipereka okha kwa munthu wa nkhokwe zodzaza. Kapolo wotere ankalima ndi kudya pamodzi ndi eni khomo, ankakwatira, ndipo adzukulu ake ankasanduka abale. Komabe usali ukapolo wokoma ayi: pakagwa mlandu wina, woyamba kuperekedwa anali yemweyo. Ndipo m'mitundu imene ana amatsata mbumba ya kuchikazi, mwamuna wofuna kukulitsa mudzi wakewake ankafunafuna adzakazi, popeza ana a mdzakazi analibe malume woti adzawatenge. N'chifukwa chake akazi ndi atsikana ndi amene ankasakidwa kwambiri.

Chimene chinasandutsa mwambo umenewu kukhala mliri ndi msika wa kugombe la nyanja yamchere. Britain inaletsa malonda a akapolo mu 1807 n'kuthetsa ukapolo m'maiko ake mu 1833, koma zombo zake zitayamba kulondera kumadzulo kwa Africa, ogula ambiri anatembenukira kum'mawa. Doko la Quelimane linkatumiza anthu ku Brazil ndi kuzilumba za Afalansa zolima nzimbe, ndipo Kilwa inkadyetsa msika wa ku Zanzibar ndi minda ya kumeneko ndi ku Pemba. Kazembe wa Britain ku Zanzibar, Christopher Rigby, anauza Livingstone kuti akapolo okwana 19,000 ochokera kudera la nyanja ya Malawi ankadutsa pachipata cha msonkho cha kumeneko chaka chilichonse, osawerengera amene ankafera m'njira. Mtengo wa munthu unali nsalu, mikanda, waya wamkuwa, mfuti ndi onga. Ina mwa nsaluzo, yoyera yotchedwa merikani, inkaombedwa m'mafakitale a kumpoto kwa America ndi thonje lolimidwa ndi akapolo a kummwera kwa dzikolo.

Anthu a m'mapiri a Shire anapanikizika mbali ziwiri. Kummwera kunali Paul Marianno, wodziwika ndi dzina loti Matekenya, amene asilikali ake ankagwira anthu m'chigwa cha Shire, komanso amalonda a ku Tete ndi Achikunda awo. Kumpoto chakum'mawa kunkatsika Ayao. Iwowa anali amalonda akalekale, onyamula makasu, fodya ndi minyanga ya njovu kupita kugombe, koma nkhondo ndi njala zinawasamutsa kwawo kum'mawa kwa nyanja. Oyamba kufika anabwera ngati othawa ndipo mafumu a Chimang'anja anawapatsa malo. Atachuluka, atsogoleri awo okhala ndi mfuti anayamba kulanda midzi. Nkhani imeneyi kawirikawiri imakambidwa ngati nkhondo ya mitundu, Myao wogwira ndi Mmang'anja wogwidwa, koma sizinali choncho ndendende. Mafumu ena a Chimang'anja ankagulitsa anthu awo omwe, ndipo Ayao osauka nawonso ankalowa m'goli. Kusiyana kwenikweni kunali pakati pa wokhala ndi mfuti ndi wopanda mfuti.

Chimene chinabweretsa Angerezi m'mapiri amenewa chikumveka bwino munthu akayang'ana ku America. Mu 1860 dzikolo linali ndi akapolo pafupifupi 4 miliyoni, ambiri mwa iwo m'minda ya thonje ya kummwera. Zigawo za kumpoto zinali zitathetsa ukapolo, ndipo mkangano unkabuka nthawi iliyonse dziko likafutukukira kumadzulo: kodi chigawo chatsopano chilole akapolo kapena ayi? Mu 1820 anagwirizana zolemba malire pa nkhani ya Missouri, koma lamulo la 1854 linafafaniza malirewo, ndipo ku Kansas anthu anayamba kuphana. Mipingo inagawikana, a Methodist mu 1844, a Baptist mu 1845. Mu 1857 khoti lalikulu, pa mlandu wa Dred Scott, linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika ndiponso kuti nyumba ya malamulo ilibe mphamvu yoletsa ukapolo m'madera atsopano. Mu October 1859 John Brown anathira nkhondo nkhokwe ya zida ya boma pa Harpers Ferry kuti agawire akapolo mfuti, ndipo anamunyonga mu December. Abraham Lincoln, amene chipani chake chinkakana kuti ukapolo ufalikire, atasankhidwa mu 1860, zigawo 11 zinadzipatula. Nkhondo inapha anthu oposa 600,000, ndipo ukapolo unathetsedwa m'malamulo a dzikolo mu December 1865.

Thonje lambiri la m'mafakitale a ku Lancashire linkachokera m'minda ya akapolo imeneyi, ndipo Angerezi odana ndi ukapolo ankachita nazo manyazi. Livingstone atakwera Shire mu 1859 n'kuona thonje m'midzi ya Amang'anja, anaganiza kuti wapeza mankhwala a matenda awiri. Ngati Lancashire ingamagule thonje la kuno, olima thonje a ku America angafooke, ndipo mafumu a kuno angaone kuti munthu ali ndi phindu akamalima kusiyana ndi kumugulitsa. Maganizowo anali abwino, koma sanawerengere mathithi a Shire, malungo, ndi nkhondo imene inali itayamba kale. Pempho limene anapereka ku Cambridge mu 1857 linabala mishoni ya UMCA, ndipo Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake anafika kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, mu July 1861.

Za pa Mbame zinalembedwa mwatsatanetsatane. Apaulendowo akupuma, mdipiti wa amuna, akazi ndi ana unatulukira pakhonde la phiri, oyendetsa ake atanyamula mfuti, ena akuliza malipenga achitini. Atangoona Angerezi anathawira m'thengo, ndipo mtsogoleri wawo yekha, munthu wa ku Tete amene Livingstone ankamudziwa, ndi amene Akololo, anthu a m'gulu la Livingstone, anamugwira, ngakhale kuti nayenso anapulumuka. Zingwe za akazi ndi ana anazidula ndi mipeni. Amuna ndiwo anavuta, chifukwa aliyense khosi lake linali m'mphanda ya goli, mtengo wolemera wautali kuposa munthu, ndipo chitsulo chinali chitakhomedwa pakhosi kutseka mphandayo. Anachita kufufuza sowo m'katundu wa Bishopu n'kumacheka goli limodzilimodzi. Omasulidwawo anauzidwa kuti aphike ufa umene anasenza, adye okha ndi ana awo, ndipo nkhuni zake zinali magoli omwewo. Iwo anafotokoza kuti dzulo lake akazi awiri anawomberedwa chifukwa choyesa kumasula zingwe, ndipo khanda lina linaphedwa chifukwa mayi wake sakanatha kulinyamula pamodzi ndi katundu. Onse analipo 84, ambiri akazi ndi ana.

Kudula goli kunali kosavuta poyerekeza ndi funso lotsatira: anthuwa apite kuti, ndipo awateteze ndani? Ambiri analibe kwawo kobwerera. Mfumu Chigunda inapatsa amishoni malo pa Magomero, ndipo pa 23 July Livingstone ndi Mackenzie, popita kukakambirana ndi Ayao, anakumana ndi gulu lobwerera kokatentha midzi. Mivi inauluka, mfuti zinayankha. Livingstone pobwerera kumtsinje analangiza Bishopu kuti asalowerere nkhondo za eni dziko, koma mafumu a Chimang'anja, monga Chinsunzi, anabwera kudzadandaula tsiku ndi tsiku. Mackenzie anavomera atawalumbiritsa kuti ogwidwa onse adzamasulidwa ndiponso kuti sadzagulitsanso munthu. Mu August anatsogolera nkhondo n'kutentha misasa ya Ayao chakufupi ndi Chilwa, ndipo mu October anabwerezanso.

Apa ndi pamene mkanganowo unalowa pakati pa odana ndi ukapolo okhaokha. Amishoni anazindikira kuti ena mwa Amang'anja amene ankawathandiza ankabisa ogwidwa kuti akawagulitse, ndipo kuti ambiri mwa Ayao amene anawatenthera nyumba anali othawa njala chabe. Henry Rowley, mmodzi wa ansembe a pa Magomero, anafika ponena poyera kuti analakwitsa. Ku England mbiri ya bishopu wonyamula mfuti inagawa Mpingo wa Anglican. Ena, monga Edward Pusey wa ku Oxford, anati mtumiki wa Uthenga Wabwino ayenera kufa osati kupha. Ena anati munthu sangaimirire n'kumangoyang'ana ana akumangidwa zingwe. Mafunso onse awiri anali olemera, ndipo Mackenzie sanakhale ndi moyo kuti awayankhe. Pofunafuna njira yachidule yotsikira ku Ruo, ansembe ake awiri anachitidwa chiwembu chakufupi ndi Mulanje, iye n'kukatentha mudziwo. Kenaka potsika Shire bwato lake linagubuduzika, kwinini yense n'kumira, ndipo anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 pomwe Ruo amathira mu Shire, pa Chiromo.

Chaka chomwecho mvula inakana. Anthu amene nkhondo inawalepheretsa kulima anakumana ndi chilala, ndipo njala ya 1862 ndi 1863 inapulula chigwa cha Shire kotero kuti mitembo yoyandama inkakola m'mapiko a sitima ya Livingstone. Amishoni anasiya Magomero n'kutsikira kwa Chibisa, ndipo Bishopu William Tozer, amene analowa m'malo mwa Mackenzie, anasamutsira mishoniyo ku Morumbala, kenaka ku Zanzibar mu 1864. Boma la Britain linaitanitsa Livingstone. Thonje la ku Shire silinafike ku Lancashire pa nthawi imene nkhondo ya ku America inatseka mafakitale kumeneko. Banja la Livingstone linalipira mbali zonse ziwiri: mkazi wake Mary anamwalira ku Shupanga mu April 1862, ndipo mwana wake woyamba, Robert, analowa usilikali wa zigawo za kumpoto kwa America n'kufera m'ndende ya adani ku North Carolina mu December 1864.

Zaka 20 zotsatira dziko linagawidwa ndi amene anali ndi onga. Akololo amene Livingstone anawasiya kwa Chibisa, monga Kasisi, Chipatula, Maseya, Katunga ndi Mlauli, anasonkhanitsa othawa n'kudzipanga mafumu a m'chigwa. Ankakana kugulitsa anthu kwa amalonda a kugombe, koma ankalamulira ndi dzanja lolemera. Kumtunda kunakhazikika mafumu a Chiyao: Kapeni ku Soche, Mpama ku Chiradzulu, Malemia ku Zomba, Kawinga ku Chikala, Mkanda ndi Matipwiri ku Mulanje, kumene kunkadutsa njira ya ku Quelimane. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma malondawo anangosintha madoko. Mu 1884 Angoni a Chikuse anawoloka Shire n'kusesa midzi ya kumtunda. Anthu anasiya minda ya pachidikha n'kukamanga m'mapiri ndi m'malinga a mafumu amphamvu. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa nthaka imene azungu anadzaitcha yopanda mwini inali nthaka imene eni ake anaithawa.

Mishoni ya Blantyre, imene a Church of Scotland anatsegula mu 1876, inagwa m'vuto lofanana ndi la Magomero. Amene analondolera Henry Henderson, wofunafuna malo a mishoniyo, pamalowo anali Tom Bokwito, mmodzi wa ana omasulidwa nthawi ya Mackenzie. Akapolo othawa anayamba kukhamukira pamishoni, eni ake n'kumabwera kudzawaitanitsa. Kuwabweza kunali kupereka munthu ku imfa kapena kugombe. Kuwasunga kunali kuputa mafumu oyandikana nawo. Amishoni anayamba kudziweruzira milandu, kukwapula anthu, mpaka kupha munthu womuganizira kuti wapha mnzake. Nkhaniyi itamveka ku Scotland, mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, anachotsedwa, ndipo David Clement Scott, amene anafika mu 1881, anasankha njira yokambirana ndi mafumu. Koma ambiri mwa Asikotishi anali atatsimikiza kuti malonda a akapolo sangathe popanda boma lokhala ndi asilikali.

Nkhondo yeniyeni inayambira kumpoto. Ku Karonga, wamalonda wa Chiswahili Mlozi, pamodzi ndi Kopakopa ndi Msalemu, anamanga malinga panjira ya ku Tanganyika n'kuyamba kuthamangitsa Ankhonde. Mu 1887 Ankhonde ambiri anaphedwa padambo la Kambwe, bango limene anabisalamo litayatsidwa moto. Kampani ya African Lakes, ya Mandala, inalowa nkhondoyo pofuna kuteteza Ankhonde komanso malonda ake a minyanga. Ahenga anali mbali ya Mlozi, Atonga ndi Amambwe mbali ya kampani. Frederick Lugard, amene ankatsogolera ankhondo a kampaniyo, anavulazidwa poyesa kugumula linga mu 1888, ndipo nkhondoyo inaima mu 1889 popanda wopambana. Phokoso lake ku Britain, pamodzi ndi mantha akuti Apwitikizi a Serpa Pinto alanda mapiri a Shire, ndi zimene zinakankha boma la Britain. Mu 1889 John Buchanan, woimira boma la Britain, analengeza kuti dziko la Akololo ndi mapiri a Shire zili m'chitetezo cha Britain, ndipo mu 1891 pangano la Britain ndi Portugal linaika mtsinje wa Ruo kukhala malire.

Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba, anabwera ndi asilikali a ku India, ambiri mwa iwo Asikh, ndi ndalama zochokera ku kampani ya Cecil Rhodes. Mu July 1891 anayamba ndi kuthira nkhondo mfumu Chikumbu ku Mulanje, kenaka Mponda kumene Shire amatulukira m'nyanja. Mafumu a Chiyao sanali ogonja msanga. Anthu a Makanjira anapha Cecil Maguire, mkulu wa asilikaliwo, mu December 1891, ndipo Jalasi anathamangitsa gulu la boma paphiri la Mangochi mu 1892 n'kulanda mzinga. Zinthu zinatembenuka sitima za mizinga zitafika panyanja ndiponso malinga a boma atamangidwa panjira za akapolo, monga Fort Johnston, Fort Maguire, ndi Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Chaka cha 1895 ndi chimene chinamaliza zonse: Kawinga, Matipwiri, Jalasi ndi Makanjira anagonjetsedwa motsatizana, ndipo mu December Mlozi anagwidwa m'linga lake, mafumu a Chinkhonde n'kumuweruza, ndipo anamunyonga.

Nkhondo zimenezi zinathetsadi midipiti ya akapolo, ndipo zimenezo si zazing'ono. Mayi ankatha kupita kumunda kapena kudambo osaopa kuti sabwerako. Koma si zoona kuti mfumu iliyonse imene Johnston anaithira nkhondo inalakwa pa nkhani ya akapolo yokha. Jumbe wa ku Nkhotakota, amene doko lake linawolotsa akapolo osawerengeka, analandira malipiro a boma chifukwa anavomera mbendera ya Britain. Gomani wa Angoni anaphedwa mu 1896 makamaka chifukwa chokana msonkho ndi kukana kuti anthu ake azikagwira ntchito kwa azungu. Dzina la nkhondoyo linali kuthetsa ukapolo, koma ntchito yake inalinso kulanda dziko, ndipo zinthu ziwirizi zinayendera limodzi mosalekanitsika.

Mfuti zisanazizire, nthaka inali itapita. Azungu anali atagula kale madera akuluakulu kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti zochepa, mafumuwo akuganiza kuti akubwereka mlendo polima. Kuyambira 1892 Johnston anapereka zikalata zotchedwa Certificate of Claim zotsimikiza umwini umenewu. M'mapiri a Shire mokha munapita maekala oposa 800,000. Eugene Sharrer yekha anatenga oposa 350,000, mbali ina ili m'boma la Thyolo, ndipo malo ake anadzakhala a British Central Africa Company. Magomero, pomwe Mackenzie anasungira omasulidwa aja, anagulidwa ndi Alexander Low Bruce, mkamwini wa Livingstone. Zikalatazo zinkati midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe, koma sizinateteze ana obadwa pambuyo pake, ofika mochedwa, kapena mudzi wosamuka pofuna mphanje yatsopano. Ku America nakonso omasulidwa sanapatsidwe minda, ndipo ambiri anabwerera kukalima thonje kwa ambuye awo akale mogawana zokolola, ngongole ili pakhosi.

Kuno dongosolo limenelo linatchedwa thangata. Munthu wokhala pa esiteti ankagwira ntchito mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, ndipo boma linathandizira pokweza msonkho wa nyumba kufika mashiling'i 6, n'kumachotsera theka amene wagwirira mzungu ntchito mwezi wathunthu. Mweziwo unkawerengedwa patikiti, ndipo kapitawo akakana kuchonga tsiku chifukwa ndime sinathe, mwezi unkatalika kufika masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa. Ntchitoyo inkafunika nthawi ya dzinja, pamene munda wa munthu mwini ukufuna kupalira. Wokana ankamugwetsera nyumba. Amene anasenza kwambiri katundu ameneyu anali Alomwe, amene anayamba kuwoloka malire m'zaka za m'ma 1890 ndi 1900 pothawa nkhanza, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Popeza sanali m'midzi yotetezedwa ndi zikalata zija, analibe pokanira. Mu 1903 woweruza Joseph Nunan anadzudzula mapangano amene kampani ya Blantyre and East Africa inachita ndi mafumu pa nkhaniyi, koma eni maesiteti anali ndi mawu m'boma, ndipo thangata anapitirira.

M'nyengo imeneyi nkhani ya ku America inafika m'mapiri a Shire ndi anthu amene anaidziwa pathupi pawo. Mu 1902 a Seventh-day Adventist anagula mishoni ya Plainfield ku Thyolo, imene mmishonale Joseph Booth anayambitsa, n'kutumizako Thomas Branch ndi banja lake. Branch anabadwira muukapolo ku Missouri mu 1856, ndipo anali mwana pamene nkhondo inamumasula. Atsamunda ankamukayikira chifukwa cha khungu lake, poopa kuti munthu wakuda wophunzira atsegula anthu maso, ndipo patapita zaka zisanu mpingo unatumiza mzungu m'malo mwake. Mishoniyo ndi imene inatchedwa Malamulo mu 1907. John Chilembwe, amene mbiri yofala imati bambo wake anali Myao ndipo mayi wake Mmang'anja wogwidwa pankhondo, anapita ku America ndi Booth mu 1897 n'kuphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, chimene chinasunga likulu la zigawo zodzipatula zija. Kumeneko anaona ana a akapolo ali ndi sukulu ndi mipingo yawoyawo, komanso akulandidwa voti ndi kuphedwa popanda mlandu. Anabwerera mu 1900 n'kutsegula Providence Industrial Mission pa Mbombwe ku Chiradzulu, mothandizidwa ndi a Baptist akuda a ku America, amene anatumiza Landon Cheek ndi Emma DeLaney.

Mbombwe anali m'malire ndi esiteti ya Magomero, kumene William Jervis Livingstone ankayendetsa thangata wankhanza ndi kutentha matchalitchi a Chilembwe. Nkhondo ya 1914 itayamba kutenga anthu kukafera ku Karonga, zinthu zinafika pa mwana wakana phala. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe, Ayao, Amang'anja ndi Alomwe pamodzi, anapha William Jervis Livingstone ndi azungu ena awiri, koma akazi ndi ana sanawakhudze. Chilembwe anawomberedwa pa 3 February chakufupi ndi malire ku Mulanje. George Simeon Mwase, amene analemba mbiriyi cha m'ma 1930, ananena kuti Chilembwe anafotokozera anthu ake za John Brown, munthu amene anadziwa kuti adzafa koma anafuna kuti imfa yake idzutse ena. Bungwe lofufuza la boma linavomereza kuti anthu a pa esiteti ya Bruce ankazunzidwa, koma dongosolo la malo silinasinthe.

Tiyi anafika ku Thyolo mochedwa, khofi atalephera. Anayamba ku Mulanje mu 1891, n'kubzalidwa pa Bandanga mu 1908, chaka chimene njanji yochokera ku Nsanje, yokwera m'mbali mwa Ruo, inafika ku Blantyre. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 anafalikira m'maesiteti monga Satemwa, Naming'omba ndi a Conforzi, ndipo manja othyola masamba ake ambiri anali a Alomwe. Lamulo la 1928 linalola kulipira lendi ndi ndalama, koma linapatsanso eni malo mphamvu yothamangitsa anthu nthawi ndi nthawi. Mu August 1953, pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkakhazikitsidwa, kugwidwa kwa anthu awiri owaganizira kuba malalanje pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza kunabutsa chipwirikiti m'boma lonse la Thyolo ndi madera oyandikana nalo. Anthu anatseka misewu, anakana thangata, ndipo 11 anaphedwa. Boma linayamba kugula malo ena a maesiteti n'kukhazikapo anthu, ndipo lamulo la 1962, chipani cha Dr Hastings Kamuzu Banda chitalowa m'boma, linathetsa thangata. Maesiteti a tiyi anatsala m'manja mwa makampani, ndipo Thyolo ndi Mulanje akhala m'gulu la maboma othithikana kwambiri m'Malawi. Pakati pa 2004 ndi 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo inapezera minda mabanja pafupifupi 15,000 osowa polima, ndipo ambiri mwa ochokera ku Thyolo ndi Mulanje anakakhazikika ku Machinga ndi Mangochi.